Andale atalikire oweruza mlandu wa malire: mafunso ndi mayankho

Kodi mayiko akakangana malire amaweruzidwa bwanji?

Njira imodzi ndi yoti mayiko awiriwo asainirane pangano losankha oweruza apadera, n'kulonjeza kuti adzamvera chigamulo chawo. Croatia ndi Slovenia, mayiko oyandikana a ku Ulaya, anachita zimenezi ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu 2009 pofuna kuthetsa mkangano wa madzi a gombe la Piran, pa nyanja ya Adriatic, ndi malire a pamtunda. Oweruza anali asanu. Dziko lililonse linasankha mmodzi, ndipo atatu enawo anali ovomerezedwa ndi mbali zonse.

Woweruza wosankhidwa ndi dziko si woimira dzikolo kodi?

Ayi. Akangokhala pampando, saloledwa kulankhula mseri ndi boma lomwe linamusankha, kapena kuulula zomwe oweruza akukambirana m'chipinda. Chilichonse chomwe mbali imodzi ikufuna kunena chiyenera kumveka pamaso pa mbali inayo.

Nanga lamuloli likaswedwa?

Mu Julaye 2015, nyuzipepala ya ku Croatia ya Večernji list inatulutsa mawu ojambulidwa pa foni a Jernej Sekolec, woweruza wosankhidwa ndi Slovenia, akukambirana za mlanduwo ndi Simona Drenik, yemwe ankaimira boma la Slovenia. Onse awiri anatula pansi maudindo. Nyumba ya malamulo ya Croatia inavota kuti dzikolo lituluke m'panganolo. Bwalo linaika oweruza ena awiri, wa ku Norway ndi wa ku Switzerland, m'malo mwa osankhidwa ndi mayiko awiriwo, ndipo mu 2016 linanena kuti Slovenia inalakwadi koma kulakwako sikunali kokwanira kuthetsa mlandu. Pa 29 Juni 2017 linapereka gawo lalikulu la gombe la Piran kwa Slovenia. Croatia inakana chigamulocho. Kunena zoona, mafoni aja anapatsa Croatia chifukwa chomveka chokanira, chomwe sikanachipeza kwina.

Kodi ndale zinayambira pa mafoniwo?

Zinayamba kale. Slovenia, yomwe inali kale mu European Union, inatsekereza zokambirana zoti Croatia ilowe m'bungwelo mpaka nkhani ya malire itapeza njira. Pangano lomwe linabadwa motero limakhala ndi chilonda kuyambira tsiku loyamba.

Zikutikhudza bwanji kuno?

Mkangano wa Malawi ndi Tanzania pa nyanja sunafike kwa oweruza. Malawi amaima pa pangano la Heligoland la 1890 pakati pa Britain ndi Germany, lomwe linaika malire m'mphepete mwa nyanja kum'mawa, pomwe Tanzania imati malire adutse pakati pa nyanja. Kuyambira mu 2012 nkhaniyi inali m'manja mwa amkhalapakati otsogozedwa ndi Joaquim Chissano, pamodzi ndi Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, atsogoleri akale a Mozambique, South Africa ndi Botswana, ndipo zokambiranazo zinaima mu 2014. Mkhalapakati amangoyanjanitsa, sagamula, choncho amaloledwa kukumana ndi mbali iliyonse payokha. Tsiku lomwe mlanduwu udzapite kwa oweruza, ufulu umenewo udzathera pakhomo la bwalo, ndipo nduna yofuna kudziwa momwe zinthu zikuyendera idzadikira chigamulo ngati wina aliyense.