Wogwirira ntchito pakhomo sali patchuthi

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu amodzimodzi ku Nchalo, ku Bangula, ngakhale pa boma la Nsanje: akuti wogwirira ntchito kunyumba pa kompyuta amangodya ndalama zaulere, alibe chodandaula. Ndatopa nawo mawuwa chifukwa si oona.

Chimene chimawalemetsa anthuwa n'chodziwika: ntchito yawo ilibe nthawi yowerukira. Abwana amaimba foni 9 koloko usiku poti munthuyo ali pakhomo. Achibale nawo akamuona pakhonde amamutuma kuchigayo kapena kumusiyira mwana. Onjezanipo kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala, pamene kumapitirira madigiri 40. Nyumba ya malata imasanduka ng'anjo, magetsi akazima laputopu nayo imathima, ndiye ntchito ya masana imagwiridwa usiku udzudzu ukuluma. Ena bandulo ya intaneti amagula ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Kusowa anzako okambirana nawo za ntchito kumawawanso.

Ubwino ulipo ndithu, ndalama ya kabaza imapulumuka.

Koma musangomvera ine. Musanatumize pagulu la pafoni uthenga wonyoza anthuwa, kapena nkhani iliyonse imene simunaitsimikize, yambani mwafufuza. Pemphani mmodzi wa iwo alembe maola amene wagwira kwa sabata ziwiri, kuphatikizapo mafoni a usiku aja, kenako muyerekeze ndi zimene zili m'kalata yake ya ntchito. Lamulo la ntchito m'dziko muno limaika malire a maola 48 pa sabata, osawerengera ovataimu.