Dzaleka ndi lamulo lomanga manja a othawa kwawo

Pa ntchito yanga ya uloya, funso lomwe anthu amandifunsa kawirikawiri pankhani ya othawa kwawo ndi lakuti, "Nanga bwanji osangowabweza kwawo?" Yankho lili m'pangano la United Nations la chaka cha 1951. Ndime 33 imaletsa dziko kubweza munthu kumalo kumene moyo kapena ufulu wake uli pachiswe chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo kapena maganizo ake pandale. Malawi adalowa m'panganoli mu 1987, ndipo mu 1989 adakhazikitsa lamulo lake la othawa kwawo.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti polowapo, boma lidakana kumangidwa kwathunthu ndi ndime 9 za panganolo. Zina mwa izo ndi zokhudza kulembedwa ntchito, kukhala ndi katundu, maphunziro a boma, kuyenda ndi kukhala kulikonse kumene munthu wafuna, komanso kukhala nzika. Nthawi imeneyo zinali zomveka. Nkhondo ya ku Mozambique idathamangitsira kuno anthu oposa 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Koma ambiri a iwo ankalankhula Chisena kapena Chinyanja, ankalima pafupi ndi abale awo, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 adabwerera. Adalidi mame, monga akuluakulu amanenera za mlendo.

A ku Dzaleka si mame. Kampuyi, yomwe ili m'boma la Dowa ndipo kale idali ndende ya andale, idatsegulidwa mu 1994 kuti isunge anthu pafupifupi 12,000. Lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Kummawa kwa Congo mfuti sizidaleke kulira. Mwana wobadwira mu kampu sakhala Mmalawi, chifukwa unzika wathu umatsata makolo.

Ndimakumbukira mtsikana wina amene adabwera kuofesi kwanga atanyamula satifiketi ya MSCE m'pepala la pulasitiki kuti isanyowe. Adabadwira ku Dzaleka, Chichewa chake chinali cha ku Dowa chenicheni, ndipo Bujumbura, mzinda waukulu wa ku Burundi, sadauonepo. Ankafuna kuphunzira unamwino. Ndidayenera kumuuza kuti ngakhale ataphunzira, kulembedwa ntchito kudzakhala kovuta kwambiri, ndipo kungotuluka mu kampu amafunika chilolezo. Tsiku limenelo ndidapita kunyumba mtima uli wolemera.

Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali adagwira othawa kwawo amene ankakhala m'matauni ndi m'malo a malonda, ena nkudutsa nawo kundende ya Maula asanawatengere ku Dzaleka. Magolosale adatsekedwa, ana adasiya sukulu pakati pa chaka. Anthu amene ankadzidyetsa okha adabwerera pamzere wa thandizo la World Food Programme, thandizo lomwe lakhala likuchepa chifukwa cha kusowa kwa ndalama. Nkhawa ya amalonda a kuno, yoti alendo akuwalanda msika, sindiipeputsa. Koma mankhwala ake ndi laisensi, msonkho ndi malamulo ogwira aliyense mofanana. Kutsekera munthu wa luso mu kampu kumangowonjezera pakamwa pofuna kudyetsedwa.

Anzathu adayesa njira zina. Lamulo la Uganda la 2006 limalola othawa kwawo kugwira ntchito ndi kuyenda, ndipo m'malo ambiri amapatsidwa kamunda. Zambia idapereka mwayi wokhazikika kwa ena mwa anthu a ku Angola amene adakhala zaka zambiri m'malo a othawa kwawo a Meheba ndi Mayukwayukwa. Mavuto alipo konseko, makamaka a malo ndi mapepala, koma munthu amaloledwa kutukuta thukuta lake.

Ine ndikadakonda Nyumba ya Malamulo iyambe ndi ndime 17 ndi 26 za pangano lija la 1951, zokhudza ntchito ndi kuyenda, pokonzanso lamulo la 1989. Mtsikana uja akadali ku Dzaleka, akuphunzitsa ana a anansi ake masamu pakhonde.