Chiyao sichichedwetsa mwana kuyankhula

Ndimaphunzitsa za kakulidwe ka ana aang'ono kwa ophunzira saikoloje (maphunziro a za maganizo a munthu) kukoleji, ndipo chaka chilichonse sipalephera wina wokweza dzanja n'kunena kuti ana a kuno ku Mangochi amachedwa kuyankhula chifukwa pakhomo amamva Chiyao, kumkombaphala Chichewa. Ndatopa nazo. Ophunzirawa anazimva kwa inu makolo, ndiye lero ndiyankhule ndi inu.

Ubongo wa mwana suona vuto ndi zinenero ziwiri. Akasakaniza, mawu awa a Chiyao awa a Chichewa, palibe chalakwika. Ingowerengani pamodzi mawu onse amene akudziwa m'zinenero ziwirizo. Mwana amatchula mawu oyamba akamakwanitsa chaka, ndipo pofika zaka 2 ayenera kumalumikiza mawu awiri, monga "mama madzi". Ngati sakutero, choyamba kukayikira ndi makutu.

Kuno kunyanja malungo ndi osasowa. Malungo aakulu, aja okomola mwana, amatha kusiya vuto la kumva kapena la kuyankhula. Matenda oumitsa khosi nawonso chimodzimodzi. Koma chofala kwambiri n'chija timachipeputsa: mafinya otuluka m'khutu miyezi ndi miyezi, ife n'kumangopukuta ndi chitenje.

Pali mtsikana wina wa zaka 4 amene sandichoka m'maganizo. Wophunzira wanga anamupeza kumkombaphala wina wa m'mbali mwa nyanja, atakhala yekha, anzake akuimba. Apabanja anali atadikira, ati bambo akenso anachedwa. Kenako anapita naye kwa munthu wina yemwe ananena kuti lilime ndi lomangika, n'kumucheka kunsi kwake ndi lezala. Mwana anataya magazi, ndalama zinapita, mawu osatuluka. Makutu onse awiri ankatuluka mafinya kuyambira ali wakhanda. Palibe anaganizapo zomuitana ali kumbuyo kwake n'kuona ngati atembenuke. Mayi ake sindiwada ayi, ankamukonda mwanayo ndipo anachita zomwe anauzidwa. Chimene chimandiwawa ndi zaka zija, zaka zomwe ubongo umagwira chinenero mosavuta, zinadutsa iye asakumva.

Wocheka malilime asakhudze mwana wanu. Mukapita kusikelo musangokweza mwana pasikelo n'kubwerera. Auzeni alangizi a zaumoyo kuti sakuyankhula, alembe m'buku lake, ndipo pemphani kuti akamuyeze makutu kuchipatala cha boma. Zikavuta, ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli akatswiri a za makutu. Musadikire kuti ayambe Sitandade 1.