Kamolekyulu kakakhala pa DNA, magetsi amayenda bwanji?

Amene munagwirako ntchito mu labu ya chipatala mumaidziwa methylene blue, utoto wa buluu uja amathira pa silaidi poyeza makhololo a TB. Ife a chemistry utoto umenewu timaukonda pa chifukwa chinanso, ukakumana ndi DNA umalowa mkati mwake n'kumalandira ma elekitironi, tinthu timene timanyamula magetsi, odutsa mu DNA momwemo. Eya DNA imadutsitsa magetsi, koma osati ngati waya wa kopa wa m'nyumba mwanu ayi.

Mkati mwa DNA muli ma base anayi, tizigawo timene tili ngati zilembo zake, A, T, G ndi C, ndipo amakhala awiriawiri, afulati, osanjikizana ngati makobidi. Mpata wapakati pawo ndi 0.34 nanomita basi, ndiye muganize kuti milimita imodzi ili ndi ma nanomita 1 miliyoni. Chifukwa choyandikana chonchi elekitironi imatha kuchoka pa base ina kupita pa inzake, ukakhala mtunda wautaliko imachita kudumpha ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala, ndipo mwala wodalirika ndi G chifukwa ndi amene savuta kutaya elekitironi. Msewu wa magetsi ndi msanjo wa makobidiwo, ichi muchigwire.

Asayansi awiri, Eley ndi Spivey, anaziganizira kale izi mu 1962. Mu 1993 gulu la Jacqueline Barton ku yunivesite ya Caltech ku America linamangirira molekyulu yokhala ndi chitsulo cha ruthenium mbali ina ya DNA, ya chitsulo cha rhodium mbali inayo, elekitironi n'kudutsa pafupifupi ma nanomita 4 mwachangu. Mkangano unabuka osati masewera, ena poyeza ankapeza kuti DNA sidutsitsa chilichonse pomwe ku Basel ku Switzerland mu 1999 anapeza kuti imadutsitsa bwino ndithu. Kusiyanaku kwambiri kunkachokera pa kutalika kwa DNA, ndondomeko ya ma base, madzi ndi mchere zoizungulira, komanso momwe ailumikizira ku chitsulo.

Tsono kamolekyulu kakang'ono kakabwera, funso langa loyamba si loti ndi mankhwala anji, ndi loti kakhala pati.

Mamolekyulu ena ndi afulati ndiye amadzilowetsa pakati pa makobidi awiri, monga utoto wa ethidium, daunorubicin wa khansa ya m'magazi, ndi methylene blue yemwe uja. Kuti alowe DNA imatsegula mpata kuwirikiza kawiri ndipo imamasuka kupota kwake, ethidium mmodzi amaimasula madigiri 26. Mlendoyu akakhala mu msanjo wasanduka mwala wina pa mtsinje paja. Anthu amafulumira kunena kuti basi magetsi achuluka, koma sizikhala choncho nthawi zonse, mphamvu za ma elekitironi ake zikagwirizana ndi za ma base oyandikana nawo njira imaphweka, zikapanda kugwirizana kapena akapotoza msanjo njira imavuta.

Ena ngati utoto wa DAPI ndi wa Hoechst amangogona mu kangalande ka m'mbali mwa DNA, makamaka pomwe pachuluka A ndi T. Msanjo saukhudza kwenikweni ndiye kulumikizana kwawo ndi msewu wa magetsi ndi kofooka. Pomwe cisplatin, mankhwala ena a khansa, amagwira ma G awiri oyandikana n'kuipinda DNA ngati bondo, makobidi aja sakhalanso bwino pamalopo.

Kuti muone kuti msanjowu sufuna kusokonezedwa, mu 2008 a Barton ndi anzawo a ku Columbia University anaika kachidutswa ka DNA ka ma base 15 pakati pa carbon nanotube yodulidwa, kachubu kakang'ono kwambiri ka kaboni kodutsitsa magetsi. Atangosintha base imodzi kuti isagwirizane ndi inzake, magetsi anatsika pafupifupi ka 300. Base imodzi yokha!

Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya 2016, Bingqian Xu wa ku University of Georgia ndi anzake a ku Ben-Gurion University ku Israel anatenga DNA ya ma base 11 n'kulowetsamo kamolekyulu kotchedwa coralyne, magetsi anayamba kuyenda mbali imodzi kuposa inayo pafupifupi ka 15. Amene mumakonza mawailesi mwazindikira kale kuti imeneyo ndi diode, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi, yopangidwa ndi molekyulu imodzi.

Koma kwa ine phindu lapafupi si kompyuta ya DNA, ndi zoyezera matenda. Mukamata DNA pa golide n'kuikapo methylene blue, magetsi amafika ku utotowo podutsa mu msanjo, pakakhala base yolakwika imodzi amatsika ndipo makina amaonetsa. Kachilombo ka TB kamene kamakana mankhwala a rifampicin nthawi zambiri kamakhala kasintha chilembo chimodzi mu jini ya rpoB. Makina oyezera TB a GeneXpert a m'zipatala zathu amagwira kusinthaku pogwiritsa ntchito kuwala, ofufuza a mbali ya magetsiyi akufuna kuti kusintha kwa mtundu womwewu kuzigwidwa ndi kachitsulo kagolide ndi mita yowerenga magetsi.