Mafupa a ku Karonga aja si a njovu ayi madala

Mkangano wake unayambira pa bawo pafupi ndi depoti pa Kasungu pano, mwana wa achimwene anga atabwera ku ulendo wa sukulu ku Karonga ndi chithunzi pa foni cha dinosaur, chinyama chakalekale chimene chinatha padziko, chomwe anachiimika mu museum ya kumeneko, khosi lake ngati mlongoti. Madala ena ake angoyang'ana kamodzi basi akuti amenewo ndi mafupa a njovu awalumikiza azungu kuti azidyerapo ndalama, ife njovu timazidziwa zimatithera chimanga kumalire a paki uku. Anthu kuseka. Ine zinandiwawa pang'ono chifukwa nkhaniyi ili ndi mbiri yake yaitali ndithu.

Mafupawa anayamba kudziwika m'zaka za m'ma 1920 dziko lino likadali Nyasaland. Frank Dixey, mkulu woona za miyala wa boma la atsamunda, anatola ena ku Karonga ndipo mu 1928 katswiri wa ku South Africa Sidney Haughton anatcha chinyamacho Gigantosaurus dixeyi. Kenako zii kwa zaka zambirimbiri. M'ma 1980 ndi pamene Louis Jacobs wa ku yunivesite ina ku Texas anabwera kudzakumba limodzi ndi a dipatimenti yathu ya Antiquities, yoona za zinthu zamakedzana, cha ku Mwakasyunguti ku Karonga komweko, ndipo ataona kuti dzina lakale lija silikuyenera, mu 1993 anachipatsa dzina loti Malawisaurus dixeyi. Pagulupo panali mayi wa Chimalawi, Elizabeth Gomani, ndipo ndi mayi yemweyu amene mu 2005 analongosola mtundu winanso wa khosi lalitali nkuutcha Karongasaurus. Koma funsani ana a fomu 4 dzina limeneli muone mmene akuyang'anireni.

Tsono za njovuzo. Njovu pakhosi ili ndi mafupa 7, inuyo 7, ngakhale kadyansonga ndi khosi lake lonse lija 7 omwewo. Zinyama izi zinali nawo oposa 10, ndipo anali a mphakomphako kuti khosi lisalemere, apo ayi likanadzutsidwa ndi ndani. Mano ake timitengo towonda ngati mapensulo, tongopululira masamba nkumeza osatafuna, pomwe dzino la njovu ndi chimphero chenicheni. Komanso Malawisaurus anakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, njovu kunalibe nkomwe. Pamene madala aja analasa pang'ono mpoti chimene chaima mu museum muja, yomwe anatsegula mu 2004, ndi chowumba chotengera mafupa enieniwo, enieniwo ndi miyala yolemera komanso yosachedwa kusweka.

Makolo a zinyamazi sanayambe ndi ukulu ayi. Ku Zimbabwe m'boma la Mbire anapeza kena kotchedwa Mbiresaurus, analengeza mu 2022, ka zaka pafupifupi 230 miliyoni, kutalika kwake osafika mamita 2 ndipo kankayenda ndi miyendo iwiri. Mtundu umenewo ndiwo unadzakula pang'onopang'ono mpaka kugwada ndi miyendo inayi.

Funso limene linandisangalatsa linachokera kwa wakabaza wina, akuti nanga bwanji ife timakumba zitsime ndi maenje a njerwa chaka ndi chaka koma sitinapezepo olo fupa limodzi? Yankho lili pa mwala. Fupa limasungika pomwe matope ndi mchenga wa mtsinje zinakwirira nyama msanga nkuuma kusanduka mwala, ngati mmene zilili kuchigwa cha Karonga. Kuno kwathu pansi pa dothi la fodyali pali mwala wolimba wakalekale ngati wa phiri la Kasungu lija, unapangika ndi kutentha pansi penipeni zinyamazi zisanabadwe, ndiye mulibe chomwe mungapezemo.

Madala aja sanavomere, angoti adzakhulupirira akadzakaona okha, nkutakata nkhomo zawo.