Chifukwa chenicheni chimene amakanira chiponde pabwalo la ndege

Kuno ku Mchinji, kumene mtedza ndi chuma chathu, pali mphekesera imene yakhala ikuyenda kwa zaka zambiri, yakuti achitetezo a pabwalo la ndege amalanda chiponde, uchi ndi mafuta odzola chifukwa cha dyera, kuti akagawane okhaokha. Ndimamva nawo chisoni mayi amene wasinja chiponde cha mwana wake wa ku Johannesburg n'kukachisiya pachipata, koma maganizo amenewa ndi olakwika.

Lamulo loletsa zinthuzi silinayambire pabwalo la ndege la ku Lumbadzi. Mu Ogasiti 2006, apolisi a ku Britain anagwira anthu amene ankakonza zophulitsa ndege zochokera ku London kupita ku America ndi ku Canada, pogwiritsa ntchito mankhwala amadzimadzi obisidwa m'mabotolo a zakumwa. Kuchokera nthawi imeneyo, mayiko ambiri anakhazikitsa lamulo lakuti chinthu chamadzimadzi kapena chaphalaphala chisalowe m'chikwama chimene munthu amakwera nacho m'ndege ngati chili m'botolo loposa mamililita 100, ndipo chiponde chili m'gulu limenelo. Amayang'ana kukula kwa botolo, choncho ngakhale botolo lalikulu litangotsala ndi chiponde chochepa pansi, adzalikana ndithu.

Lamuloli silikhudza chikwama chachikulu chimene chimapimidwa n'kulowetsedwa kunsi kwa ndege, ndipo m'menemo ndimo muyenera kulongedza chiponde chanu chotsekedwa bwino, mutafunsiratu ngati dziko limene mukupitako limalola chakudyacho kulowa. Mkaka wa mwana ndi mankhwala akuchipatala amaloledwa, bola muwaonetse kwa achitetezowo.