Pa Mbudzi: msewu ukamakula, amasuntha ndani?

Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Joni kuchokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe anadutsapo pa Mbudzi, ngakhale kuti mwina anali m'tulo. Mukatuluka pa Mwanza, n'kudutsa Tete, n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, basi imadzaboola mzinda wa Harare n'kutulukira kummwera pa msewu wa Simon Mazorodze, ulendo wa ku Masvingo ndi Beitbridge. Pamene msewu umenewu wakumana ndi wa High Glen komanso wa ku Chitungwiza, ndiye pa Mbudzi. Dzinali ndi la Chishona koma Mchewa safuna womasulira: ndi mbuzi zathu zomwezi, poti pamalopa anthu ankagulitsapo mbuzi. Ngakhale manda a Granville, amene ali chapafupi, anthu amangoti kumbudzi. Agogo anga aamuna, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata, anagona kumeneko.

Pamphambano imeneyi panali raundabauti, koma lero kulibe. Inatsekedwa mu September 2022, ndipo pamalo pake pali milatho 15 yopiringizana, imene pulezidenti Emmerson Mnangagwa anatsegulira pa 30 May 2025 n'kuitcha Trabablas Interchange, kutengera dzina lawo la kunkhondo. Anamanga ndi a Tefoma, mgwirizano wa makampani atatu a konkuno, ndipo mtengo umene unalengezedwa poyamba unali madola 88 miliyoni a ku America. Mtengowo anthu anakangana nawo kwambiri, m'makombi (maminibasi a kuno) ndi m'nyumba ya malamulo momwe. Koma ine mtima wanga suli pa mtengo. Uli pa funso limene alendo ochokera ku Malawi amandifunsa akamva anthu a kuno akung'ung'udza za misewu yatsopano: kodi anthu inu simufuna chitukuko? Kuti ndiyankhe ndiyenera kubwerera m'mbuyo kwambiri, chifukwa mkanganowu sunayambire pa Mbudzi.

Mzinda uno anauyamba ndi azungu mu 1890 n'kuutcha Salisbury, ndipo dzina la Harare unalitenga mu 1982. Agogo athu ankati akupita ku Halale kalekale dzinalo lisanakhale la mzinda wonse, chifukwa linali dzina la komboni ya anthu akuda imene inakhazikitsidwa mu 1907, imene lero ndi Mbare. Kuyambira pachiyambi pomwe, mzindawu anaujambula kuti wantchito azigona kutali ndi bwana wake. Azungu anatenga kumpoto ndi kummawa, kokwera, kwa mitengo. Anthu akuda anawaika kummwera ndi kumadzulo, kuseri kwa njanji ndi mafakitale a ku Workington ndi Southerton. Lamulo logawa malo la Land Apportionment Act la mu 1930 linakhomerera zimenezi. Kenaka kunabwera Highfield, Mufakose, Kambuzuma, Dzivarasekwa, ndi Mabvuku kummawa, makilomita pafupifupi 17 kuchokera pakati pa tauni. Chitungwiza, imene inapangidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, anaiponya kutali kuposa onsewo, kuti anthu azikangogona n'kudzukira kuntchito ku Salisbury.

Ambiri mwa amene anadzaza makomboni amenewa poyambirira anali a ku Nyasaland, a ku Mozambique ndi a ku Northern Rhodesia. Ena anabwera wapansi, ena pa malole a Ulere, ena analembedwa ndi a Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, makamaka m'nthawi ya Chitaganya pakati pa 1953 ndi 1963. Mshona anali ndi mudzi pafupi. Ankagwira ntchito miyezi ingapo n'kubwerera kukalima. Wa ku Nyasaland kwawo kunali kutali. Anakwatira konkuno, anabereka konkuno, natchona. N'chifukwa chake mpaka lero ku Mabvuku ndi ku Tafara mumamva ng'oma za gule wamkulu, amene anzathu a Chishona amati zvigure, ndipo ife ana awo amatitchabe mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre.

Mzinda wojambulidwa chonchi umafuna misewu italiitali yolumikiza kogona ndi kogwira ntchito, ndipo misewu imeneyo ndi yochepa: Simon Mazorodze, imene kale inali Beatrice Road, Seke Road, msewu wa ku Bulawayo, msewu wa ku Mutare. Aliyense amathira m'misewu yomweyo m'mawa, n'kubwereranso momwemo madzulo. Agogo ankapalasa njinga kuchokera ku Highfield kupita ku Southerton, ndipo ankanena kuti m'mawa njinga zinkayenda ngati linthumbu. Njanji ya pakati pa Harare ndi Chitungwiza yakhala ikulonjezedwa kuyambira m'ma 1980, mpaka pano sinamangidwe. Mabasi akuluakulu anachepa, makombi analoledwa mu 1993, kenaka kunadza magalimoto akale ochokera ku Japan ndi timagalimoto tonyamula anthu mopanda chilolezo totchedwa mushikashika. Ndiye kuthinana kwa pa Mbudzi sikunali nthano. Ndinakhalapo m'kombi dzuwa likulowa mpaka mdima wa bii tili pamalo amodzi, anyamata odzipereka okha akulozera magalimoto njira n'kumapempha kangachepe pa windo. Wonena kuti pamenepo panalibe vuto ndiye kuti sanadutsepo.

Komatu m'zaka zomwezo msewu unasanduka munda wa anthu. Mafakitale atayamba kutseka m'ma 1990, ndipo ndalama ya dziko lino itafa mu 2008, amene anachotsedwa ntchito analibe kwina kolowera koma m'mbali mwa msewu. Wowotcherera zitseko, wokhoma masofa, wogulitsa mchenga ndi njerwa, womata matayala, mayi wa tomato. Pamapu a khonsolo, malo amenewo ndi osungira msewu ukadzafuna kukula. Kwa mayi uja, ndi pamene pamachokera fizi.

Azakhali anga ndi mmodzi wa iwo. Ankakhala m'kanyumba ka matabwa kuseri kwa nyumba ya munthu ku Mbare, mpaka mu May 2005 pamene kunayamba Murambatsvina, chintchito chogumula nyumba ndi misika zimene zinkatchedwa zosaloledwa. Nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Anna Tibaijuka a ku Tanzania, inalemba kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, pogwirira ntchito, kapena zonse ziwiri. Inali nthawi yozizira, June wa ku Harare amene madzi amachita kuluma m'manja. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumusha, kumudzi kwawo. Nanga mwana wa mtchona, wobadwira ku Mbare, amene Dedza amangoimva m'nkhani za bambo ake, kumusha kwake n'kuti? Pamwamba pa izo, lamulo la unzika linali litasinthidwa mu 2001, ndipo ambiri a ife tinali ndi zitupa zosonyeza kuti ndife alendo m'dziko lobadwiramo. A Robert Mugabe ananenapo poyera kuti anthu a ku Mbare ndi opanda mutupo, kunena kuti opanda mfunda, ngati kuti Phiri, Banda ndi Mwale si mifunda. Mawu amenewo akuluakulu athu sanawaiwale.

Ambiri mwa osowa kolowera anawaunjika ku famu ya Caledonia, kufupi ndi Tafara, ndipo ena anadzawatula ku Hopley. Tsono taonani mapu: Hopley ili pakhomo penipeni pa Mbudzi. Anthu amene anachotsedwa m'tauni mu 2005 ndi omwewo anadzapeza moyo pa raundabauti ija, pogulitsa kwa apaulendo a mabasi a ku Beitbridge ndi ku Johannesburg amene ankaima pamenepo usana ndi usiku. Azakhali anali ndi mbaula ya chigubu chodula pakati, waya pamwamba, chimanga chikupsa. Pambali beseni la mazira owiritsa ndi kabotolo ka mchere wosakaniza ndi tsabola. Basi ikangoima ankanyamula beseni pamutu n'kuthamangira ku mawindo. Akamva wina m'basimo akuyankhula Chichewa cha kumudzi, nkhope inkawala. "Mwachokera kuti, bambo? Ku Ntcheu? Tengani awiri, limodzi ndi la ulere." Ana awo atatu anaphunzira ndi mbaula imeneyo.

Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa chidebe, mbaula palibe. Kunabwera anthu ndi lole m'mamawa n'kukweza chilichonse chimene chinali m'mbali mwa msewu. Ndinati, "Azakhali, koma paja anakuuzani kuti ntchito ya msewu iyamba." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanawe, kuuzidwa ndi kufunsidwa n'zosiyana. Msewuwo ndikuufuna, inenso ndimakwera kombi. Koma akanati, mayi, mukachoka apa mukakhale apo. Basi. Kawiri konse tsopano, ndikungonyamulidwa ngati zinyalala."

Pamene ntchito inali mkati, magalimoto onse, ndi mathiraki akuluakulu omwe, anawapatutsira m'timisewu ta m'makomboni ozungulira, ndipo anthu a ku Hopley, Waterfalls ndi Glen Norah anadya fumbi kwa zaka zoposa ziwiri. Eni nyumba ndi mabizinesi amene anali m'njira ya milatho analonjezedwa chipukuta misozi, ndipo kuchedwa kwa ndalama zimenezo kunatchulidwa ngati chimodzi mwa zochedwetsa ntchito. Koma chipukuta misozi chimatsata pepala. Wokhala ndi chikalata cha umwini wa malo amawerengedwa. Wobwereka chipinda, wogulitsa pa tebulo, wogula poloti kwa akamberembere ogulitsa malo osakhala awo, amene kuno timawatcha ma land baron, sapezeka m'buku lililonse.

Nkhani ya msewu wa ku bwalo la ndege ndi imene inaphunzitsa anthu kuti angathe kukana. Mu 2008 khonsolo inagwirizana ndi kampani ya Augur Investments kuti ikulitse msewuwo, malipiro ake n'kukhala malo a mzinda m'malo mwa ndalama. Mabungwe a anthu okhala mumzinda anatsutsa mgwirizanowo, milandu inakoka zaka, ndipo msewuwo anadzaumaliza ndi boma. Chakumapeto kwa 2015, a Mugabe anadandaula kuti nyumba zimene zinkamangidwa m'mbali mwake, ku Arlington, zikunyansitsa maso a alendo otsika ndege. Mu January 2016 makatapila anafika n'kugwetsa nyumba za njerwa, zina zomalizidwa bwinobwino, eni ake akuona, ndipo chifukwa chimene chinaperekedwa n'chakuti malowo ndi osungira bwalo la ndege. Koma nthawi imeneyi zinthu zinali zitasintha pang'ono. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ali ndi gawo 74, limene limati munthu asachotsedwe m'nyumba mwake, ndipo nyumba yake isagumulidwe, popanda chigamulo cha khoti loti laona mbali zonse. Khoti lalikulu linagamula kuti kugumula kwa ku Arlington kunali kosemphana ndi lamulo. Nyumba zinali zitagwa kale, inde, koma kuchokera pamenepo nambala 74 inalowa m'kamwa mwa anthu wamba. Malamulo omwewo a 2013 ndi amene anabwezeranso unzika kwa ife obadwira kuno kwa makolo ochokera m'maiko a SADC.

Ndiye mu June 2021, pamene kunalengezedwa kuti zonse zomangidwa m'malire a misewu ku Harare ndi ku Chitungwiza zigwetsedwe, anthu sanangolira. Anathamangira kukhoti ndi maloya a Zimbabwe Lawyers for Human Rights. Mabungwe monga Combined Harare Residents Association ndi Harare Residents Trust akhala akubwereza mfundo zomwezo kwa zaka: dziwitsani anthu nthawi ikadalipo, khalani nawo pansi, konzani kopita musanagumule, ndipo amene anagulitsa malo mwachinyengo, pamodzi ndi amene anasainira, ayambe ndi iwowo kuyankha. Pokonzekera msonkhano wa SADC wa mu August 2024, ku nyumba ya malamulo yatsopano ya ku Mt Hampden, misewu yolowera kumeneko inakonzedwa mwa liwiro lodabwitsa ndipo mavenda anasesedwanso m'misewu. Kudera limenelo kumakhala mabanja ambiri a kwathu amene makolo awo ankaumba njerwa ndi kulima m'mafamu, ndipo nkhawa yawo ndi yomweija ya 2005.

Ine sindinena kuti aliyense womanga m'mbali mwa msewu ndi wolungama. Alipo amene anadziwa bwino lomwe kuti akumanga poletsedwa, ndipo okala yotsekereza ngalande imabweretsa madzi m'nyumba za anzawo mvula ikagwa. Chimene ndimakana ndi chizolowezi choti katapila azifika msonkhano usanachitike, ndiponso kuwerenga magalimoto odutsa pa ola osawerenga anthu odya pamalopo. Ndimakayikanso ngati kukulitsa misewu kokha kudzathetse kuthinana, pamene anthu a ku Chitungwiza akudikirabe sitima ija, ndipo ambiri m'makomboni athu galimoto alibe.

Mwezi watha ndinapita kukalambula pa manda a agogo. Kombi inakwera mlatho n'kutsika mosaima n'komwe, ndipo pamene kale tinkatayapo ola tinadutsa ndisanamalize kuwerenga uthenga pa foni. Pobwerera ndinatsika kuti ndikaone azakhali. Anapeza mbaula ina, ndipo tsopano amakhala chapatali ndi milatho, pamene mabasi ena amaimabe mozemba. Anandipatsa chimanga, nakana ndalama. Tili chikhalire, basi ya ku Joni inatulukira pamwamba pa mlatho, katundu ali mbwee m'ngolo yake, n'kupitirira osachepetsa liwiro. Azakhali anali atagwira kale beseni. Analibweza pansi, natembenuza chimanga chija pa waya.